Chipewa Chalowa m'Piyano

A Dyton, mmisiri wa matabwa pamishoni ya kufupi ndi Manjawira, anadina kiyi wa piyano ya m'tchalitchi, koma kiyiyo anangogona osadzukanso. Anadina wina, nayenso chimodzimodzi. Loweruka lake linali la ukwati wa mwana wawo Rute.

Atatsegula chivundikiro, fungo la nsatsi linawalonjera.

"Amake Rute," anaitana akazi awo a Lufina, amene ankasesa kuguwa, "piyanoyi yadzola mafuta. Kodi nayonso ikukwatiwa?"

A Lufina anagwetsa tsache. "Ndi mvulayi makiyi amakanirira, bambo. Ndinati ndiwathire a nsatsi monga ndichitira ndi mawondo anuwo. Inu simudzuka nawo?"

"Ine m'mawondo mulibe nsalu, mayi."

Tinsalu taubweya timene makiyi amatsamira tinali titamwa mafuta n'kumata ngati ulimbo. Kuitanitsa tina ku Kabula kukanadikira mpaka masika. A Lufina anakhala pabenchi, manja m'masaya.

"Mwana wayimbira anzake onse pamaukwati awo. Iye adzalowe muno kuli zii chifukwa cha amake?"

"Madzi akatayika saoleka," anatero a Dyton mofatsa, "koma mafuta timapala."

Anapita kunyumba, nabwera ndi chipewa chawo chaubweya cha ku Joni, chimene chinkagona m'bokosi kudikira tsiku la Rute. Ananola mpeni.

"Musatero, bambo. Mudzavala chiyani?"

"Ambuye anandiveka kale imvi. Ndiponso mwamuna salowa nacho chipewa m'nyumba ya Mulungu. Chikanatsala m'manja. Tsopano chidzayimba nawo."

Anadula chipewacho timaduka tozungulira tolowa m'malo mwa tinsalu tija, napala misomali ya makiyi ndi phale la botolo. Kiyi wotsika ankamuikira kapepala pansi kufikira onse atalingana ngati mizere ya m'munda. A Lufina ankadina mmodzimmodzi.

"Uyu akuchedwa kudzuka."

"Watengera apongozi ake a Rute. Bwerezani."

A Lufina anaseka, misozi ili m'masaya.

Loweruka piyano inalira bwino, ndipo Rute analowa pang'onopang'ono, nyimbo ikumuperekeza. Potuluka, dzuwa linaswa mtengo pa imvi za a Dyton. A Lufina anamasula mpango wa paphewa, nawaphimba nawo kumutu anthu onse akuona. A Dyton sanauchotse.