Tsiku Limene Tinapachika Agogo a Pamwamba

Amuna anga sadziwa kukana. Mpingo wakwathu utatituma kudziko lino kuti tidzayambitse mpingo wina, ndinkaganiza kuti matenda amenewa atsala pabwalo la ndege, koma anakwera nawo. Titangofika analowa kagulu ka anthu ongodzipereka kothandiza okalamba a m'dera lathu. Chiyambire pamenepo ndi iwo okonza mipope yodontha, ndi iwo oyendetsa agalu a eni, ndi iwonso okwezera anthu zakudya m'nyumba zosanja. Mpingo wathu wonse umakwana pa benchi imodzi, koma kuti uwapeze abusa ake uyenera kupangana nawo tsiku.

Chaka chino anaganiza zoti Lachisanu Loyera tiyende ndi mtanda mumsewu, anthu adziwe kuti tilipo. Mtandawo anakhoma okha ndi matabwa otsala pokonza denga, wautali kuposa munthu, wolemera ngati chitseko cha sitolo. Anapitanso kupolisi kukapempha kuti atitsekere msewu. Ine ndinaseka, ndikudziwa kuti akawathamangitsa. Apolisi anavomera. Anatipatsa msewu waukulu wonse, kuyambira pakhomo pathu mpaka kupaki, ndi wapolisi wa njinga yamoto woti atitsogolere.

Tsikulo tinasonkhana panja dzuwa litakwera. Panali mkulu wa mpingo wathu, amene ntchito yawo ndi yometa anthu tsitsi moti aliyense amangowatchula kuti Ometa. Panalinso amayi a kwaya, omwe kwayayo ndi iwo okha. Abusa atangoika mtanda paphewa, foni inalira m'thumba mwawo, ndipo ine ndinadziwiratu kuti ayankha.

Oimbawo anali Agogo a Pamwamba. Timawatchula choncho chifukwa amakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanja yoyang'anana ndi yathu. Chikepe cha m'nyumbamo chinafa kalekale, ndipo miyendo yawo inasiya kuyenda chapanthawi yomweyo. Ndi munthu wathupi, wamakani, wosapemphera. Abusa akawapititsira chakudya amawalandira ndi mawu oti, "Ikani apo, za Mulungu wanuzo mutsike nazo." Akazi awo, munthu wopemphera zedi, anawatengera kuchipatala miyezi yapitayo, ndipo chiwatengereni agogowo anali asanawaone.

Tsopano nesi anali atawaimbira kuti ngati akufuna kuwapeza amayiwo ali moyo, apite lero lomwe. Agogo anaimbira a ambulansi. Anawafunsa kuti wodwala ndani, iwo anati ndi akazi anga. Ali kuti? Kuchipatala. A ambulansi anayankha kuti ndiye afika kale, n'kudula foni.

"Tingodutsako, mayi," anatero abusa.

"Bambo, wapolisi waliza kale njinga. Mwatseketsa msewu wonsewu kuti mukadutse kwa munthu?"

"Sitichedwa."

Anatsamiritsa mtanda pakhoma, koma wapolisi anapukusa mutu n'kunena kuti katundu wosiyidwa mumsewu popanda mwini wake amamuchotsa. Ndiye tinakwera nawo masitepe onse aja, abusa patsogolo, ine kumbuyo, wefuwefu, ndikung'ung'udza mumtima zinthu zosayenera mkazi wa abusa pa tsiku loyera.

Tinawapeza agogo atakhala pabedi, atavala suti ndi tayi, tsitsi atapesa, nsapato atapolisha. Sindikudziwa kuti anazivala bwanji okha kumapazi osayendawo. Mkwiyo wanga wonse unatha, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri.

Tinayamba ndi mpando. Tinawakhazika, tinanyamula, miyendo iwiri ya mpando inathyoka tisanafike pakhomo. Tinayesa tebulo lositira, linadzipinda lokha. Abusa anati awabereke, ndipo anawaberekadi, koma maondo anakana, onse awiri n'kugwera pabedi. Tinaima kakasi. Kenako ndinaona Ometa akuyang'ana mtanda umene unali pakhomo, n'kuyang'ana agogo, n'kuyang'ananso mtanda, monga amayang'anira mutu wa munthu asanayambe kumeta.

"Uli ndi zogwirira mbali zonse," anatero Ometa.

"Ine pa chimenecho?" agogo anakuwa. "Abusa, mwalephera kundikopa ndi pakamwa, lero mwabwera ndi matabwa?"

"Ndi thabwa chabe, agogo," anatero abusa, munthu amene sabata yonse ankalalikira kuti si thabwa chabe.

Agogo anayang'ana mbali ya bedi pamene panali pilo wa akazi awo. Kenako anati, "Mangani."

Tinawagoneka chagada, n'kuwakulunga ndi nsalu za pabedi pachifuwa, m'chiuno ndi m'miyendo. Manja ankalendewera n'kumagunda khoma, ndiye tinawamangiriranso ku thabwa lopingasa. Abusa ndi Ometa anagwira kumutu, ine ndi amayi a kwaya kumiyendo.

Vuto linali pokhota. Masitepe a nyumba imeneyo amakhota pansanja iliyonse, ndipo mtanda wogona sungakhote. Tinkachita kuuimika. Ndiye pansanja iliyonse Agogo a Pamwamba ankaima tsonga, manja tambasu, tayi ili lende, akutukwana. Anthu anayamba kutsegula zitseko. Bambo wina anatuluka ndi mswachi m'kamwa, anatiyang'ana, n'kubwerera m'nyumba mwakachetechete. Mayi wina amene ananyamula beseni la zochapa analiika pansi n'kugwada. Amayi a kwaya sangaone mtanda utaima osaimba, ndiye anayambitsa nyimbo.

"Atontholetseni amenewo!" anatero agogo.

Nkhalamba ina ya pansanja yapansi inasuzumira pakhomo n'kufunsa, "Alakwa chiyani?"

"Ndinakwatira munthu wopemphera," agogo anayankha, ife tikuwagonekanso.

Titafika panja ndinati basi zatha, tiitane takisi, tiwamasule. Ndinaimba foni. Woyendetsa anati sangafike, msewu watsekedwa. Ndinathamangira kwa wapolisi uja.

"Bwana, tatsegulani pang'ono, takisi ilowe."

"Sizingatheke, mayi. Msewu watsekedwa chifukwa cha mwambo wa mpingo."

"Mpingowo ndi ife!"

"Ndiye yendani. Mukafika kupaki ndidzatsegula."

Ndinawayang'ana amuna anga ndi diso loti tikambirana kunyumba. Tinanyamula n'kuyamba kuyenda pakati pa msewu wopanda galimoto ngakhale imodzi, njinga yamoto ikuthwanimitsa magetsi patsogolo.

Anthu a m'dera lino tikawagawira timapepala ta mpingo amayang'ana kumbali ngati tikuwapatsa nsanza. Tsiku limenelo anatuluka m'masitolo. Ogulitsa buledi anasiya buledi, ena anatsika panjinga, ana anakwera pamapewa a makolo awo. Ankatitsatira, ena akujambula ndi mafoni, ena akulira. Mnyamata wina wamphamvu anandilanda mbali yanga kwa kanthawi n'kufunsa ngati timachita zimenezi chaka chilichonse. Agogo ankangokuwa kuti fulumirani, ndipo anthu ankagwedeza mitu poyamikira kuti akuchita bwino sewero.

Ndinaona nkhope ya abusa. Thukuta linali kamukamu, koma maso ankawala. Khamu limenelo ndi limene akhala akulipempherera chifikireni kuno, ndipo ulaliki umene anaukonza kwa masabata unali m'thumba la jekete.

Tinafika pamphambano. Kupaki ndi kumanzere, kuchipatala kumanja. Wapolisi anakhotera kumanzere, ndipo khamu, pofuna malo abwino oonerera, linatidutsa n'kuthamangira komweko. Abusa anaima, mtanda wonse unaima nawo. Agogo, amene anatukwana njira yonse, apa anasiya kutukwana. Ankangoyang'ana kumwamba.

"Bambo," ndinatero ine.

Abusa anayang'ana misana ya anthu aja kamodzi kokha, n'kukhotera kumanja. Tinalowa mumsewu wosatseka, magalimoto akuliza mahutala, ife anayi tokha ndi agogo. Tinamva mawa lake kuti khamulo linadikira kupaki mpaka linatopa, wapolisi akuwatsimikizira kuti mpingo ukubwera.

Pachipatala mlonda atationa anangopatuka pakhomo, ndiye tinangodutsa. Nesi anabwera ndi njinga ya odwala. Tinayesa kumasula nsalu zija, koma mfundo zinali zitalimba ngati miyala chifukwa cha kulemera kwa agogo. Ometa, munthu woyenda ndi sizasi tsiku lililonse, anali ataisiya kunyumba polemekeza tsikulo. Nesi anati akatenge yake, koma mnzake anatulukira m'kachipinda kena n'kutikodola ndi dzanja mofulumira.

"Lowani nawo choncho. Nthawi palibe."

Tinaupendeketsa mtanda pakhomo, agogo mutu unatsala pang'ono kugunda feremu ya chitseko, ndipo tinalowa.

Akazi a agogo anali atatha thupi, kamunthu kochepa pakati pa mapilo, chubu m'mphuno. Tinauimika mtanda kumiyendo kwa bedi. Anatsegula maso pang'onopang'ono. Anayang'ana nsapato zopolisha zija, suti, manja otambasula, kenako nkhope. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, ndipo mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti akukomoka, koma ankaseka.

"Inu," anatero ndi mawu otsika kwambiri. "Moyo wonse ndakupemphani kuti mungolowako m'tchalitchi. Kungolowa basi. Simuchita zinthu pang'ono?"

"Chikepe chinafa," agogo anatero, misozi ikutsikira pa tayi chifukwa analibe dzanja lopukutira.

"Tabwerani kuno."

Agogo anatiyang'ana ife. Tinaugonekanso mtanda m'mbali mwa bedi, koma bedilo linali lalitali, ndipo ukakhala pansi dzanja silinkafika. Tinaukweza n'kuusenza m'mapewa, abusa ndi Ometa kumutu, ine ndi amayi a kwaya kumiyendo, mpaka thabwa lopingasa linadutsa pamwamba pa bulangete. Akazi a agogo anatulutsa dzanja lawo n'kugwira zala za amuna awo.

Sanalankhulenso zambiri. Amayiwo anafunsa ngati maluwa a pawindo akuthiriridwa, agogo ananama kuti inde. Amayi a kwaya, kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, sanaimbe. Phewa langa linkayaka moto, koma palibe amene anasuntha. Abusa ankapemphera chamumtima, ndinkangoona milomo.

Patapita nthawi nesi analowa ndi sizasi. Anayang'ana pabedi, anagwira khosi la akazi a agogo, n'kuthimitsa kamakina kamene kanali pambali. Anatiuza monong'ona kuti tsopano tikhoza kuwatsitsa.

"Musanditsitse kaye," anatero agogo. "Dzanja likadali lofunda."