Kamwana ka Namzeze pa Khomo la Aprofesa

Aprofesa sanaphunzitsepo pasukulu iliyonse. Anali ometa tsitsi, ndipo dzinalo linabwera chifukwa cha pakamwa pawo. Ukangokhala pampando wawo, iwo n'kukumanga nsalu m'khosi, unkadziwiratu kuti kothawira kulibe. Umva za nyama mpaka tsitsi lithe.

"Mukudziwa kuti nyamalikiti ili ndi mafupa asanu ndi awiri m'khosi, chimodzimodzi inuyo?" ankatero uku makina akulira pakhutu pa munthu. "Nanga ng'ona? Siitha kutulutsa lilime. N'chifukwa chake simunaimvepo ikunena miseche."

Anthu ankaseka, ena n'kumabwera ngakhale tsitsi lisanakule. Nzeruzi Aprofesa ankazitola m'makalendala akale ndi m'magazini amene makasitomala ankaiwala pabenchi, ndipo zambiri zinali zoona. Vuto lawo linali limodzi: sankasiyanitsa zimene anawerenga ndi zimene anangomva ali mwana. Zonse zinkatuluka ndi mawu amodzimodzi, chala chili m'mwamba.

Panali mfundo ina imene ankaikonda kuposa zonse, ndipo chifukwa chake mumsewu wonse ankachidziwa. Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anasiya koleji m'chaka chachiwiri n'kutsatira dalaivala wina wa basi. Chaka chisanathe dalaivala uja anazimiririka, kumusiya ndi khanda m'manja. Mtsikanayo ankagona m'kachipinda ka mnzake, koma mnzakeyo anali kusamuka Loweruka, ndipo kuyambira tsikulo analibe kolowera. Anatumiza uthenga pafoni katatu kupepesa. Akazi awo a Aprofesa anachonderera mpaka mawu kusasa.

Yankho linali lomwelo nthawi zonse. "Mwana wa mbalame akagwidwa ndi munthu, make samulandiranso. Amamva fungo. Si ine wouma mtima, ndi chilengedwe."

Ankanena kunyumba, ankanena mubabashopu, ngakhale kwa anthu amene sanafunse. Mawuwo ankawakomera chifukwa ankawachotsera mlandu.

Lachisanu masana mubabashopu munali modzaza. Pabenchi panali anthu anayi, ndipo pampando panali telala wa khomo loyandikana, mutu wometedwa mbali imodzi. Pakhonde munthu wa zamagetsi anali pamakwerero, akukonza waya wa babu amene anali atapsa. Pafupi ndi babulo, pansi pa denga, panali chisa chadothi cha anamzeze, amene ankabwerera pomwepo chaka ndi chaka.

Akazi awo a Aprofesa anafika ndi chakudya cha masana m'kachikwama monga mwa masiku onse. Atafika pakhomo anaima. Pasimenti panali kamwana ka namzeze, kopanda nthenga zokwanira, kakutsegula kukamwa popanda mawu. Mayiwo anawerama.

"Musakagwire!" Aprofesa anakuwa, makina ali m'manja. "Mukakagwira mwakapha. Kangati ndikuuzeni?"

Mayiwo anabweza dzanja. Koma wa zamagetsi uja anatsika, natola kamwanako ndi zala zake zakuda ndi fumbi la kudenga, nakweranso, n'kukaika m'chisa ngati akubwezera babu.

"Achimwene, mwalakwitsa," anatero Aprofesa, atatuluka mpaka pakhonde. Anatembenukira anthu a pabenchi, chala chili m'mwamba. "Onani nonse. Make akabwera akakankhira pansi. Fungo la munthu mbalame silipirira."

"Bambo, ine zowerenga sindizidziwa," anayankha wa zamagetsi, akupana waya ndi pulayala. "Koma ndatha zaka makumi awiri ndikukwera madenga a anthu. Tiana totere ndabwezera tosawerengeka. Sindinaonepo make akukana."

"Mumabwererako kukaona?"

"Ndimakhala ndili pomwepo, bambo. Ingondilolani nditsike, muone nokha."

Anatsika n'kusuntha makwerero. Anthu a pabenchi anatuluka onse. Telala naye anatuluka ndi nsalu yake m'khosi, mutu uli wometedwa mbali imodzi ngati munda wolima theka. Aprofesa anapinda manja pachifuwa. Mumtima anali kukonza kale mawu oti adzanene kamwanako kakagwa.

Namzeze anabwera, nazungulira khonde kawiri, nabwerera. Aprofesa anatsokomola monyadira. Kenaka mbalameyo inatulukiranso ndi kachilombo kukamwa n'kutera m'mphepete mwa chisa. Timilomo titatu tinatseguka. Kamene kanagwa kaja kanali kodziwika, kanali kakang'ono kuposa tinzake ndipo pamutu panali fumbi la zala za munthu. Make anaika kachilombo kukamwa kwake osanunkhiza n'komwe. Anauluka, nabwera ndi kena, nadyetsa kanzake, ulendo wachitatu kotsalako. Ulendo wachinayi anadyetsanso kafumbi kaja.

Palibe anaseka, ndipo izi ndi zimene zinawapweteka kwambiri Aprofesa. Akanaseka, iwo akanaseka nawo n'kupeza pothawira. Koma anthu aja anangoyang'ana pansi, wina n'kuyamba kusewera ndi foni, chifukwa aliyense anali atamvapo mfundo ija ndipo ankadziwa mwana amene inkanenedwera.

Akazi awo ndi amene analankhula, motsitsa mawu, osawayang'ana. "Ndiye fungolo amalimva ndani, bambo?"

Manyazi anawagwira Aprofesa kuyambira kumakutu mpaka m'mawondo. Chisa chija chinali pamwamba pa khomo lawo zaka zisanu ndi chimodzi. Ankadutsa pansi pake m'mawa ndi madzulo, ankakolopa zitosi zake akung'ung'udza, koma sanakwezepo maso n'kuona mmene mbalame imalerera ana. Anayesa kukumbukira kalendala imene anawerengamo za fungo. Panalibe. Anazimva kwa anyamata anzawo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, tsiku lina akuphwasula zisa ndi legeni. Nzeru za ana a legeni ndi zimene anatsekera nazo chitseko mwana wawo miyezi isanu ndi itatu.

Analowa n'kumaliza mutu wa telala. Mzere wa pachipumi unapita mokhota, koma telala sanadandaule. Anadziyang'ana pagalasi n'kuyesa kupeputsa zinthu.

"Lero za nyama palibe, Aprofesa?"

"Palibe."

Aprofesa anakutumula nsalu, napachika makina pamsomali, n'kutembenukira anthu anayi a pabenchi. "Abale anga, mundikhululukire. Mubwere mawa." Chiyambire ntchitoyi anali asanatsekepo Lachisanu masana, tsiku la anthu ambiri. Anthuwo ananyamuka n'kumapita.

Pakhonde panatsala iwo ndi akazi awo. Wa zamagetsi anali atanyamula makwerero ake n'kupita, osadziwa kuti wagwetsa chiyani. Aprofesa analimbana ndi loko nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira, chifukwa ankaopa kutembenuka. Funso limene linali pakhosi linali lochititsa manyazi kuposa zonse za tsikulo. Munthu wodziwa mafupa a m'khosi mwa nyamalikiti sankadziwa kumene mwana wake amagona.

"Mayi," anatero, akuyang'anabe loko, "kodi amakhala kuti?"

"Ndikudziwa njira."

"Nanga khandalo... ndi lalimuna kapena lalikazi?"

"Wamkazi. Wayamba kukwawa. Makutu ndi anuwo, osasiya ngakhale pang'ono."

Aprofesa anatembenuka. "Mwamuona liti?"

Mayiwo anakonza kachikwama kachakudya paphewa n'kuyamba kutsika masitepe. Pamwamba pawo namzeze anali kuteranso pachisa ndi kachilombo kena.

"Lachitatu lililonse, bambo," anatero osacheuka. "Inu mumati kumsika ndimachedwa chifukwa chiyani? Tiyeni, chakudyachi tikadyera komweko."

Aprofesa anawatsatira pambuyo, mutu uli pansi, ndipo njira yonseyo sanatchule nyama ngakhale imodzi.