Munthu Woseka wa m'Gawo la 19

Pa 21 Okutobala 2005, sewero lakale la pa TV lotchedwa Chenjezo Lachitatu linayamba kugulitsidwa pa ma DVD, magawo onse 26 m'bokosi limodzi. Tsiku lomwelo Mineko Kuroiwa, mayi wamasiye wa zaka 59 wa ku Amagasaki, anatseka shopu yake ya nsomba masanasana, nakwera sitima kukagula bokosi lake. Za adani ochokera ku nyenyezi a m'sewerolo analibe nazo ntchito. Iye ankafuna gawo la 19 lokha, ndipo m'gawomo ankafunamo malo amodzi.

Gawolo analijambulira mumsewu womwe munali shopu yakeyo mu Juni 1968. Ojambula anapempha anthu a mumsewumo kuti athamange ngati akuthawa zombo za adani zimene zikuwotcha mzinda. Sadao Kuroiwa, amene panthawiyo ankathandiza bambo ake kugulitsa nsomba, anathamanga nawo atavala majombo oyera. Atafika pafupi ndi kamera anacheuka, n'kuseka. Chaka chotsatira anakwatira Mineko. Anamwalira mu Febuluwale 1999.

Mineko anaika diski m'makina asanavule n'komwe jekete. Sanakhale pansi. Sailini inalira, anthu anayamba kuthawa. Anaona wometa tsitsi wa mumsewu mwawo, anaona wa njinga, kenako pakanema panabwera asilikali. Sadao panalibe. Anabweza. Wometa, wa njinga, asilikali. Anabwezanso mpaka chala chinamuwawa. Atatsegula kabuku kamene kanali m'bokosi, anapeza mzere umodzi pansi pa tsamba lomaliza: malo ena takonza potsatira maganizo a oonera.

Tepi yake analibenso. Seweroli litabwerezedwa pa TV mu 1987, Sadao anajambula gawolo pa tepi, ndipo mlendo aliyense wolowa m'nyumba mwawo sankatuluka asanalione. Pa maliro, anthu amaika m'bokosi la womwalira zinthu zimene womwalirayo ankakonda, kuti zipsere limodzi ndi thupi. Owotcha mitembo anakana tepiyo, akuti chikhokho chake cha pulasitiki chimaononga ng'anjo. Mineko anamasula chikhokhocho kukhitchini, anakulunga riboni yonse ya m'kati mwa tepiyo pa kamtengo kodyera, n'kukalowetsa m'mkono wa chovala choyera cha mwamuna wake. Ankati zinthu za pa TV sizitha, kampani ili nazo, tsiku lina idzazigulitsa.

Sabata imeneyo mpeni sunkamumvera. Ankadula nsomba mokhota, kusiya kasitomala ataima n'kukwera m'chipinda cham'mwamba kukabwezanso diski, ngati kuti Sadao anangochedwa ndipo ulendo uno atulukira. Lachinayi a Hatori, amene ankagulitsa khofi nyumba yachitatu kuchokera pa shopu ya Mineko, anamupeza akupukuta sikelo youma kale.

“Mlamu, sikeloyo yakulakwirani chiyani?”

Mineko anawafotokozera. A Hatori anali mnzake wa Sadao kuyambira kusukulu, ndipo tepi ija anaionera mokakamizidwa kosawerengeka.

“Okonda seweroli amakumana kwanga Loweruka masana,” anatero. “M'bokosi lililonse muli khadi loti ogula alembepo maganizo awo n'kutumiza ku kampani. Akubwera kudzalemba limodzi. Bwerani mudzamve. Koma musawalume, ndi makasitomala anga.”

Loweruka, pa 29 Okutobala, Mineko anakhala patebulo la pakhomo, khofi akuzizira patsogolo pake. Okonda sewerowo anazungulira tebulo lalikulu, makhadi ndi zolembera pakati. Anayamba ndi zina. Wina ankati zithunzi aziyeretsa kwambiri mpaka mawaya onyamula zombo akuoneka. Wina ankati mawu a sailini si omwe aja, awa ndi opyapyala.

Kenako Kenzo Tobita, woyendetsa sitima wa zaka 46 amene ankatsogolera gululo, anagogoda patebulo.

“Chimodzi chokha achita bwino. Amuchotsa Woseka uja.”

“Mwayamba,” anatero Rie Nagumo, namwino wa pachipatala cha mano, amene anakhala moyang'anizana naye.

“Ndayamba, inde. Munthu ameneyo ndinadana naye ndili ndi zaka 9. Mzinda ukuyaka, ana akulira, ine ndabisala kuseri kwa mayi anga ndi mantha, iye mano onse pamtunda ngati hatchi yake yapambana. Mantha onse anathera pomwepo. Ndakhala ndikulembera kampani za iyeyu zaka zonsezi.”

“Ndiye ndinu munatipweteka! A Tobita, inu mumaonera ndi maso okha. Uja sanali munthu. Anali mdani atavala khungu la munthu, akusangalala kuti mzinda wagwa. Gawo lonse lagona pamenepo.”

“Mdani wa ku nyenyezi, majombo a kumsika wa nsomba?”

“Nanga mumati abwere ndi nyanga kuti mumuzindikire?”

“Anali chitsiru cha mumsewu muno chimene chinaona kamera koyamba, basi. A Hatori, onjezerani khofi, mayiwa akulota.”

A Hatori sanasunthe. Ankayang'ana kukhomo, kumene Mineko anali ataimirira kale.

“Anali ndi nsomba m'manja,” anatero Mineko.

Onse anatembenuka.

“Pakanema sizioneka, chithunzi chimathera pachifuwa. Koma anali ndi nsomba. Inali yanga. Mayi anandituma, iye anali mkati moikulunga, ndiye wa chimkuzamawu uja anakuwa kuti thamangani. Anathamanga nayo. Ine ndinaima m'mbali, kuseri kwa chingwe chimene anatchingira oonerera, n'kukuwa kuti, iwe wakuba, nsomba yanga! Ndi pamene anacheuka.”



“Awa ndi Mayi Kuroiwa,” anatero a Hatori. “Wosekayo anali amuna awo. Anatisiya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.”

Tobita anaimirira mofulumira mpaka mpando unagwa. Anawerama kwambiri, nakhala chiweramire. Ataweramuka, makutu ake anali atafiira.

“Mayi, pepani kwambiri. Za chitsiru zija ndabweza.” Anadzutsa mpando uja. “Koma gawolo analiononga ndithu. Pamenepo sindinganame.”

“Ankaononga zambiri,” anatero Mineko. “Pa ukwati wa mlongo wake anasekanso pomwe ansembe akupemphera. Ine sindinabwere kudzamuikira kumbuyo. Ndikungofuna kumuona akuyenda. Zithunzi ndili nazo, koma pa zithunzi amaumitsa nkhope ngati wagwidwa ndi apolisi.”

“Nanga tepi mulibe?” anafunsa Nagumo.

“Anapita nayo.”

Palibe anafunsa kuti anapita nayo bwanji. Nagumo anakoka khadi lake n'kuyamba kulemba kuti kampani imubwezeretse munthuyo, ndipo ena awiri anachita chimodzimodzi. Koma iye mwini ananena kuti makhadi otere amayankhidwa ndi mawu amodzi, oti tiganizira, ndipo kuganizirako kumatha zaka.

Tobita sanalembe. Ankatembenuza cholembera m'zala.

“Ine ya 1987 ndili nayo,” anatero. “Magawo onse ndinajambula.”

“Alimo?” Mawu a Mineko anatuluka okwera.

“Alimo. Ndikudziwa chifukwa nthawi iliyonse akacheuka ndinkamutukwana. Koma matepiwo ali m'kashedi kwa mayi anga ku Nada. Chivomezi cha 1995 chinang'amba denga, madzi analowa. Katoniyo sindinaitsegule chiyambire.”

“Tiyeni.”

“Panopa? Mayi, ndikulowa ntchito madzulo ano.”

“Mawa.”

“Lolemba. Ndikulonjeza.”

Lamlungu Mineko anatsitsa makina akale a matepi pamwamba pa kabati, anawapukuta, anawalumikiza ku TV, anawayatsa, anawazimitsa, n'kuwayatsanso. Anasesa pakhomo pa shopu kawiri. Pa kakabati kamene pamakhala chithunzi cha Sadao anayatsa zofukiza, koma sanamuuze kanthu. Ankaopa kulonjeza.

Lolemba, pa 31 Okutobala, Tobita anabwera ndi tepi ataikulunga m'nsalu ya buluu. Papepala la pamsana pake panalembedwa 19 ndi dzanja laudongo. Kuseri kwa kawindo ka tepiyo, riboni inali yoyera ndi nkhungu ngati yawazidwa ufa.

Mineko anailanda n'kulunjika ku makina. Tobita anavula nsapato mothamanga, anakwera masitepe pambuyo pake, n'kutchinga pakamwa pa makinawo ndi dzanja.

“Musatero! Ikangozungulira iduka, ndiye basi.”

“Chotsani dzanja, a Tobita. Munamuchotsa kamodzi, zakwana.”

“N'chifukwa chake sindikufuna kumuchotsa kachiwiri.”

Anayang'anizana. Mineko anatsitsa tepiyo pang'onopang'ono.

Masana omwewo anakwera sitima limodzi kupita ku Nipponbashi, ku Osaka, kumene Tobita ankadziwa mkulu wina wotsuka matepi m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ya mawailesi. M'sitima Mineko sanakhale, ngakhale mipando inalipo. Anaima pakhomo, tepi ataikumbatira pachifuwa.

“Nsomba ija anakubwezerani?” anafunsa Tobita atadutsa masiteshoni awiri.

“Anabwera nayo kunyumba madzulo, itaphwanyika mutu. Mayi anamuthamangitsa. Mawa lake anabweranso ndi ina.”

“Ndiye Nagumo ananena zoona. Anali mdani wolowerera.”

Mineko anaseka pang'ono, kenako anayang'ananso pawindo kuti aone ngati afika.

Wotsuka matepi anamasula chikhokho, anaunika ndi tochi, nakhudza riboni ndi kansonga ka thonje. Anati nkhungu yokha si vuto, imachoka. Vuto linali loti madzi anamatiritsa riboni chapakati, mizere ingapo inagwirana. Adzaifunditsa pang'ono n'kumaimatula ndi manja, koma pamene pamatirira kwambiri chithunzi chimatsalira mbali inayo ndipo sichibwerera. Kuti malo omatawo agwera pa mphindi iti ya gawolo, sakanadziwa asanafikepo.

“Amathamanga pa mphindi ya 16,” anatero Tobita. “Sailini ikangolira kachitatu.”

“Ine ndimayambira koyambirira,” anayankha mkuluyo. “Sindidumpha. Mudzaimbe foni pakatha masabata atatu.”

Mineko anaimba pa 7 Novembala, anauzidwa kuti sanayambe. Anaimba pa 14, anauzidwa kuti nkhungu yachoka. Tobita anadutsa pashopu kawiri, ulendo uliwonse n'kugula nsomba imene sankadziwa kuphika. Khadi lake la ku kampani linali likadali m'thumba la jekete. Ananena kuti alemba akamuonanso munthuyo, chifukwa sangapereke maganizo pa chinthu chimene anachiona komaliza zaka khumi zapitazo.

Pa 21 Novembala, m'mawa shopu isanatsegulidwe, Mineko anaimbanso. Wotsuka matepi anati wamatula bwinobwino mpaka mphindi ya 14, zithunzi zikuoneka, sailini yalira kawiri. Malo omatirira kwambiri aja akuyambira pomwepo.