Mtengo wa Remzi

Amuna anga a Stoil ndi munthu wamakani. Ukati kwacha, amasuzumira kaye panja.

Chaka chathachi makani awo anagwera pa liwu limodzi la m'chinenero chathu: ashladisvam, kutanthauza kumezanitsa mtengo. Mwana wathu Lyuben, amene amayendetsa malole ku Jeremani, anawauza pafoni kuti liwulo si lathu, linachokera kwa Aturuki.

"Bodza! Agogo anga ankalinena ali mbuli yosadziwa Chituruki," anatero a Stoil.

"Akulu inu, nanga Remzi ankati chiyani akagwira mpeni? Si ashla, ashla?" ndinawafunsa. "Ife tinangosokererako mchira wathu."

Remzi anali mnansi wathu, Mturuki. Ndiye anamezanitsa mtengo wamaapozi wa kuseri kwa nyumba, asanachoke chaka chimene Aturuki ambiri a kuno anawoloka malire kupita ku dziko la makolo awo. Anamwalirira komweko. Maapozi amtundu umenewo sindinawaonepo kwina, ndipo mtengowo unali utauma mbali imodzi.

"Ngati liwu linapirira m'nthaka yachilendo, mtengo ulephera bwanji?" anatero a Stoil mawa lake.

Mu Febuluwale anadula tinthambi todzamezanitsa kumbali yamoyo, n'kutibaya mu mbatatesi kuti tisaume, n'kutisunga m'chipinda chapansi. Vuto linali manja awo. Amanjenjemera moti msuzi sufika pakamwa, ndipo ine maso anandithawa kalekale. M'mudzi muno tatsala nkhalamba zokhazokha. Lyuben analonjeza kubwera mu Malichi, makungwa akayamba kufewa.

Malichi anatha. Epulo anafika pakati.

"Tate, ntchito yandipanikiza," anatero pafoni. "Ndidzakugulirani mbande ina, zadzaza m'sitolo."

"Ndakupempha mbande ine? Ndikufuna manja ako, mwana iwe!"

Anatenga mpeni okha. Ine ndinkagwira tsinde la kamtengo kam'tchire komezanitsapo tinthambito, iwo akusema. Podula pake pankatuluka mokhotakhota, nthambi osakhudzana bwino ndi tsinde, chala chikuchucha magazi. Tinamanga ndi nsanza, tinamata phula, tinadikira. Ndinkadziwa kuti tikudzinamiza, ndipo zinkandiwawa kuwaona akupita kukasuzumira m'mawa uliwonse.

Palibe kanthambi kamene kanaphuka. Pofika mu Ogasiti mtengo waukulu uja unaumiratu.

Lyuben anabwera mu Okutobala ndi makina odulira mitengo. Ndi mwana wabwino, anagwetsa mtengowo, anatiwazira nkhuni zonse n'kuziunjika pakhonde. A Stoil sanatsutse kanthu, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa.

Nkhunizo zinatifikitsa pa Khirisimasi.