Kapu ya Alendo

Bambo anga, a Sandifolo, anagwira ntchito yotaya mabakete a m'zimbudzi pa komboni ya mgodi ku Shurugwi kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ine Estere, mwana wawo woyamba, ndinakula ndikuuza anthu kuti ankagwira ku ofesi ya zaumoyo. Kusukulu anzathu ankatitcha mabhurandaya, anthu opanda kwawo, chifukwa makolo athu anachokera ku Malawi. Amene ankadziwa zambiri ankandiitana kuti mwana wa matanyera, kutanthauza otaya mabakete aja, uku atatsina mphuno. Choncho nkhani ya mabakete ndinaikwirira, ndipo ababa nawonso sankaitchula. Kunena zoona sankatchula chilichonse. Chimwalirire mlongo wanga Yafeti, amene dothi linamugumukira m'dzenje la golide, ankangokhala pakhonde duu, kuyang'ana msewu.

M'chaka cha 2008 m'masitolo munatsala mashelefu okhaokha. Mwamuna wanga anali ku Joni, foni yake yosagwira. Ine ndi amene ndinkaima pamzere wa ufa mpaka miyendo kutupa, ine ndi amene ndinkawasakira ababa mankhwala, kuwachapira, kuwathowa mawondo. Ndinkangofuna kuti tsiku lina andiyang'ane nʼkunena kuti, “Estere mwana wanga, khala apa ticheze.” Koma chomwe ndinkalandira chinali kugwedeza mutu basi.

Mu Novembala, kolera ili mkamwamkamwa, paipi ya zonyansa inatsekeka pamzere wa nyumba zathu ndipo uve unayamba kuyenda mumsewu. Oyenera kukonza anati alibe dizilo. Anthu anaima patali nʼkumatukwana. Ndinangoona ababa adzuka, apinda buluku, atenga waya wautali kuseri kwa nyumba. Manyazi anandigwira. Zimene ndinabisa zaka zonsezi, iwo anakaziyala pamsewu dzuwa likuswa mtengo, chifukwa aliyense anaona kuti manja amenewo ntchitoyi akuidziwa.

Kenako panatulukira mmwenye wina wochepa thupi, amene ankachita lendi kumapeto kwa mzere wathu. Ankakonza makina pa kamgodi kena ka kromu. Ife tinkawadziwa amwenye ali kuseri kwa kauntala, koma uyu anavula nsapato, nalowa m'matope onunkhawo, nagwira wayayo kumbuyo kwa ababa. Paipi itatseguka ndi phokoso lalikulu, ndinamva chinthu chimene ndinali nditachiiwala. Ababa anaseka.

Dzina lake anali Meshiramu. Ababa anamuitanira kunyumba Lamlungu, ndipo ine ndinachita zimene mayi anga anandiphunzitsa. Mlendo wolemekezeka sakhala pakhonde, ndiponso sumupanikiza pakudya. Ndinamulowetsa pabalaza, ndinatulutsa m'kabati kapu ya maluwa ya pa ukwati wanga, imene ngakhale abusa anamwerapo kawiri kokha, nʼkumuthirira tiyi. Ndinamusiya yekha kuti amwe momasuka. Ababa anali pakhonde ndi chikapu chawo chachitsulo chosupuka.

Nditasuzumira patapita nthawi, tiyi anali asanamukhudze. Ankayang'ana kapuyo nkhope itagwa. Ababa analowa, nayang'ana mlendo, nayang'ana kapu. Anaichotsa kapuyo, namwa pang'ono m'chikapu chawo, nʼkumupatsira chomwecho. Meshiramu anachilandira ndi manja awiri, namwa mpaka kugugudiza.

Zifukwa zake ndinazimva ndili kukhitchini, akufotokozera ababa m'Chingerezi chosakaniza ndi Chilapalapa cha kumgodi. Kwawo ku India, anati, munthu amabadwa ntchito yake ndi ulemu wake zitaikidwa kale, ndipo iye anabadwira mwa anthu apansi kwambiri, amene ena amati ukawakhudza wadetsedwa. Agogo ake ankakoka ng'ombe zakufa. Sankaloledwa kutunga pachitsime cha mudzi. Pogulitsira tiyi ankawaimika kunja, kapu yawo inali yapayokha, tiyi ankawathirira kuchokera m'mwamba kuopa kuwakhudza, ndipo akamaliza ankatsuka okha. Ndiye mu 1956 agogowo anavala zoyera, napita mumzinda wa Nagpur, kumene khamu la anthu onga iwo linasiya chipembedzo cha makolo tsiku limodzi nʼkutsata chiphunzitso cha Buda, chimene sichifunsa kuti unabadwa kwa yani.

“Nanga zinatheka?” anafunsa ababa. “Fungo linachoka?”

“Kwa ife linachoka, madala,” anayankha Meshiramu. “Koma anansi saiwala. Ngakhale kuno, anzanga ena a m'tauni akangomva dzina la bambo anga, sandiitananso kunyumba kwawo.”

“Ndizvo chaizvo, ndi zoonadi,” anatero ababa. “Inenso ndinabatizidwa, mwana wanga. Koma benchi yanga kutchalitchi inali yakumbuyo, ndipo pambali panga pankakhala mphepo.”

Mwana wanga! Ndinatsala pang'ono kugwetsa mbale. Munthu wabwera dzulodzuloli, Chichewa sadziwa ngakhale “muli bwanji”, ndipo wapatsidwa kale mawu amene ine ndinkawadikira ngati mvula.

Kuyambira pamenepo Meshiramu ankabwera akangoweruka. Ankakhala pakhonde, awiriwo kumapatsirana chikapu chimodzi chija. Ababa anamuuza za ngolo ya mabakete, za kapitawo amene ankawaponyera chakudya pansi, za mmene ankasambira ndi phulusa kuti mayi anga asamve fungo. Anamuuza ngakhale za Yafeti, nalira pamaso pake. Ine zonsezi ndinkazimvera pawindo ngati wakuba m'nyumba yanga yomwe. Meshiramu sanandilakwire kanthu, ndipo izi ndi zimene zinkandipweteka kwambiri. Ankanditcha sisi, ankandinyamulira madzi kuchokera kumjigo, tsiku lina anabweretsa kathumba ka mpunga. Mpungawo ndinaphika, ndinadya, koma sunatsike bwino.

Kwa amayi anzanga a kutchalitchi ndinkanena kuti ndikuopa kuti mmwenyeyo awakopera ababa ku zopembedza mafano, popeza m'chipinda mwake munali kachifanizo ka Buda atakhala chopinda miyendo. Amayiwo ankandimvera chisoni nʼkundipempherera. Linali bodza. Meshiramu sanawauzepo ababa kuti asiye tchalitchi, ndipo ababa nyimbo zawo zachitsitsimutso anali atayambiranso kuimba. Inali nsanje basi, nsanje yeniyeni yowotcha pachifuwa.

Loweruka lina ndinachedwa pamzere wa mafuta ophikira. Loweruka linali tsiku langa lowameta ndevu ababa, nthawi yokhayo pamlungu imene ndinkagwira nkhope yawo ndipo iwo ankatsinzina mʼmanja mwanga. Pofika ndinapeza atakhala pampando, thaulo langa lili m'khosi, Meshiramu akuwameta ndi lezala langa.

“Kwawo ometa ankakana kuwagwira agogo ake,” anatero ababa, thovu lili kukamwa. “Ndiye onse anaphunzira kumetana. Taona dzanja lake kupepuka, Estere. Iwe umandicheka.”

Anaseka onse awiri. Inenso ndinaseka, nʼkulowa m'nyumba.

Mawa lake masana Meshiramu anafika ababa atagona pang'ono m'chipinda. Ndinamuchingamira pa geti.

“Dikirani pompano,” ndinatero m'Chingerezi.

Ndinalowa, ndinatsegula kabati, nʼkutenga kapu ya maluwa ija. Ulendo woyamba ndinalakwitsa chifukwa cha ulemu. Ulendo uno ndinkadziwa bwino lomwe chimene ndikuchita. Ndinaika kapuyo pansi, padothi, kunja kwa geti. Ndinakweza ketulo m'mwamba nʼkuthira tiyi, wina akutayikira pa nsapato zake.

“Mukamaliza mutsuke nokha,” ndinatero. “Mukudziwa, kolera yavuta.”

Sanakwiye, ndipo ndikanakonda akanakwiya. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anawerama, natola kapuyo, nathira tiyi pa maluwa a m'mbali mwa mpanda. Anaitsuka ndi madzi a m'botolo lake, naipukuta ndi malaya, naiika pamwamba pa nsanamira ya geti.

“Muwapatse moni madala, sisi,” anatero, nabwerera.

Nditatembenuka ndinaona katani ya chipinda cha ababa ikugwedezeka.

Meshiramu sanabwerenso. Ababa sanandifunse kanthu. Lachitatu anatenga ndodo yawo nayenda okha mpaka kumapeto kwa mzere, koma anakapeza chitseko chokhoma. Eninyumba anati kamgodi kaja kaimitsa ntchito, ndipo mmwenye wasamukira ku Gweru kukadikira ulendo wa kwawo. Ababa anabwerera pang'onopang'ono nakhala pamalo pawo pakhonde.

Sindibisa, mumtima ndinakondwa. Ndinati apsa mtima masiku awiri atatu, kenako ziwatha, ndipo popeza pakamwa pawo patseguka, nkhani zija azindiuza ine. Ndinayamba kukonzekera mafunso oti ndidzawafunse, za ngolo ija, za mayi anga ali mtsikana.

Loweruka ndinafunditsa madzi, ndinanola lezala bwinobwino kuti ndisawacheke, nʼkutuluka ndi beseni ndi thaulo.

“Ababa, tiyeni ndikumeteni.”

Anadzuka movutikira, mawondo akulira. Anavula chipewa nachigwira pachifuwa. Kenako anatsika pakhonde, naima padothi patali nane, maso ali pansi, mmene ankaimira kale pamakomo a akuluakulu a mgodi.

“Musadetse manja anu, madamu,” anatero mwaulemu. “Ine ndine wa mabakete.”

Anakhala ndi moyo zaka zina ziwiri m'nyumba mwangamo. Ankadya zimene ndaphika nʼkuthokoza, ndipo mbale yawo ankatsuka okha. Ndinawaika m'manda ndevu zitafika pachifuwa.