Phazi Limodzi M'mbuyo

Sajenti Barbara Mulubwa ankadziwika ku polisi ya pamsewu chifukwa cha mphuno yake. Makina oyezera mowa analipo amodzi okha, ndipo masiku ambiri ankakhala atafa, koma iye analibe nawo ntchito. Galimoto ikaima, ankawerama pa windo mpaka chipewa kugunda denga, n'kupereka moni wautali wofunsa za kunyumba, za ana ndi za kumene munthu akuchokera. Madalaivala ankamutama kuti mayiyu ndi waulemu, osadziwa kuti akungofuna kuti atsegule pakamwa. Njira imeneyi anaphunzitsa apolisi ambiri, ndipo amene anaigwira kuposa onse anali Konsitabo Chibwe wa ku Kabwata, munthu woseka ndi aliyense, ngakhale amene akumulembera mlandu.

Loweruka lina masana Barbara anali pa lodibuloko ku Woodlands pamene galimoto yoyera inafika n'kuima monjanja. Anayandikira monga mwa masiku onse. Windo itatsika anaona kuti ndi ba Ng'andu.

Ba Ng'andu sanali munthu wamba kwa iye. Ndiwo anali shibukombe pa ukwati wake, mkulu amene anayenda pakati pa makolo ake ndi banja la mwamuna wake Reuben mpaka zonse zinatheka. Chaka chimene iye ndi Reuben anatsala pang'ono kusiyana, ndiwonso anawakhazika pansi. Munthu wotere sumulowetsera mutu pa windo. Barbara anabwerera phazi limodzi m'mbuyo, anapinda mawondo pang'ono, n'kuwomba m'manja mofatsa atavala magolovesi ake oyera omwewo.

"Shani, mwana wanga? Nchito ili bwino?" anafunsa mkuluyo pomupatsa moni.

"Ili bwino, ba tata. Pitani."

Theka la ola lisanathe, wailesi yake inalira. Ku Chelstone, pafupi ndi siteji ya minibasi, galimoto yoyera inali itagunda wapolisi amene ankawolotsa anthu msewu. Ba Ng'andu anawatulutsa m'galimotomo akulephera kuima okha. Anali akuchokera ku phwando kumene anayamba kumwa dzuwa lisanakwere. Wapolisiyo anali Chibwe, ndipo anamwalira asanafike kuchipatala.

Palibe amene anadziwa kuti galimotoyo inadutsa ku Woodlands. Anzake pa lodibuloko anali otanganidwa ndi lole ina, ndipo ba Ng'andu sankakumbuka n'komwe njira imene anayenda. Barbara anauza Reuben yekha. Reuben anamupempha kuti atseke pakamwa: ntchito ingamuthere, mkuluyo ali kale m'mavuto okwanira, komanso, kunena zoona, iye sanamve fungo lililonse, nanga akanena chiyani? Mawuwa anali oona, ndipo Barbara anawakumbatira masiku awiri. Sanamve fungo. Anangochita ulemu, monga anaphunzitsidwa kuyambira ali mtsikana. Koma anali ndi mantha, osati a akuluakulu a ku ofesi, koma a mkazi wa Chibwe.

Lachiwiri anapita ku nyumba ya maliro ku Kabwata. Mipando inali panja pamene panali azibambo, azimayi atadzaza pansi m'nyumba. Pearl, mkazi wa malemuyo, anali atatsamira khoma pa matiresi, mawu atamuthera ndi kulira. Atamuona Barbara anasuntha kumupatsa malo, n'kumugwira dzanja ngati mbale wake. Anamuuza kuti Chibwe ankayeserera moni uja kunyumba, kumununkhiza ngakhale iyeyo akachokera ku tchalitchi, mpaka onse kugwa ndi phwete.

"Enze kukukambani maningi, ba Sajenti," anatero Pearl, kutanthauza kuti mwamuna wake ankamutchula kawirikawiri. "Ati palibe chakolwa angapite pali imwe. Sembe ija motoka inapitila kwanu, sembe alipo lelo."

Azimayi ena anavomereza ndi mitu kuti galimotoyo ikanadutsa kwa Barbara, Chibwe akanakhala ali moyo. Kukanakhala kosavuta kuvomereza nawo. Koma Barbara, amene ntchito yake yonse inali kuona zimene anthu akubisa, sakanathanso kudzibisira yekha. Anakumbukira mmene galimoto ija inaimira monjanja, maso ofiira a mkuluyo, taye itapotokera kumbali, ndi lilime lolemera pa mawu akuti "mwana wanga". Zonsezi anaziona phazi lake lisanasunthe. Ulemu unabwera pambuyo pake, kudzaphimba zimene anali atadziwa kale. Anachita manyazi aakulu, oposa amene anawamvapo pa moyo wake.

"Inapitila kwanga, Pearl," anatero motsitsa mawu. "Ninaimika. Ninabwelela kumbuyo kuti nisamve."

Pearl sanakuwe. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anachotsa dzanja lake m'dzanja la Barbara pang'onopang'ono, n'kuliika pa chitenje chake. Mayi wina pakona anayambitsa nyimbo, ena n'kulandira.

Barbara sanadzuke. Anatsimikiza kuti mawa lake adzapita kwa mkulu wa polisi kukalemba zonse, dzina la ba Ng'andu ndi lake lomwe pa pepala limodzi, ndipo Reuben adzamva zimenezi kuchokera kwa iye mwini. Koma tsiku limenelo anakhala pomwepo mpaka nyimbo zinatha, phewa lake litayandikana ndi la mayi amene sanamuyang'anenso.