Thobwa la amayi Magret

Anyamata amene akugula zoimbira masiku ano amabwera kwa ine n'kumafunsa kuti, "A Yoweli, disiko ya ana a sukulu mumaiyendetsa bwanji popanda mowa?" Ine ndimangowauza zimene zinandichitikira ku Mlolo mu 1996.

Nthawi imeneyo ndinali ndi wailesi yolowa makaseti awiri, ampulifaya, masipika awiri amene mabokosi ake ndinakhoma ndekha, ndi mabatire a galimoto amene ndinkatchajitsa ku boma. Zonsezi zinkayenda pa ngolo ya Luciano. Luciano anabwera kuno pothawa nkhondo ku Mozambiki, ndipo nkhondo itatha sanabwerere, anakwatira ku Zingalume. Ng'ombe zake anazitcha Tete ndi Angoniya, akuti kuti azitchula kwawo tsiku ndi tsiku.

Kumabala ndinali nditasiya kuimba. Woledzera wina anaponya botolo n'kung'amba sipika yanga, ndiye ndinati basi, sindidzapondakonso. Ndinatsala ndi masukulu okha. Koma makolo ankaopa disiko ngati njoka, ndipo palibe sukulu imene inali itandilola.

Amene ananditsegulira khomo ndi amayi Magret, apampando a komiti ya makolo pa sukulu ina ku Mloloko. Ankagulitsa salaula, zovala zakaunjika zija, ndipo anali a Pentekoste enieni, opemphera mokweza. Anandiitana n'kundikhazika pa mpando.

"A Yoweli, ana athu amaliza mayeso, asangalaleko. Koma ndikangomva fungo la mowa, ngakhale pa munthu mmodzi, ndidzayenda ndekha sukulu ndi sukulu mpaka ku Pembamoyo kuwauza kuti asakulandireni. Mwamva?"

"Ndamva, amayi."

"Zakumwa ndikonza ndine. Thobwa, diramu lathunthu. Botolo lochokera kunja lisalowe."

Tinapangana Lachisanu. Ndiye Lachinayi madzulo kunagwa maliro m'mudzi woyandikana ndi sukulu. Inu mukudziwa, maliro ali m'nyumba sungalize nyimbo zachisangalalo, anthu angati wamupha ndiwe. Anadikira mwana wa malemuwo kuchokera ku Migodi, anaika, anasesa, kenako ahedi a sukuluyo anatumiza uthenga kuti tibwere Lachiwiri.

Unali mwezi wa Novembala, dzuwa lija lowawula mvula isanagwe. Ana anationera patali, anathamangira ngolo akukuwa kuti, "Disiko! Disiko!" Atsikana anali atawongola tsitsi ndi chipeso chamoto, anyamata atadzola mafuta mpaka m'makutu. Ena nsapato anachita kubwereka, zikuvuka poyenda. Ine ndinayamba kutsitsa zoimbira pa ngolo.

Tinatulutsa madesiki m'kalasi yaikulu n'kutsegula mawindo onse. Disiko ya ana imayamba dzuwa lili pamutu, imatha ng'ombe zisanalowe m'khola, chifukwa mdima ndiwo umabweretsa akuluakulu a ndevu. Khomo likhale limodzi, ndipo pakhomopo pakhale munthu wa mphuno. Wanga anali Luciano. Sipanatenge nthawi, anagwira mnyamata wina wa m'mudzi, wosakhala wa sukulu, ali ndi kabotolo ka mankhwala a chifuwa m'thumba.

"Ukudwala, mphwanga?"

"Chifuwa, achimwene."

Luciano anatsegula n'kununkhiza. "Epa! Chifuwa chako chimachira ndi kachasu? Pita ukatsokomolere kwanu."

Ana anaseka mpaka kugwa pansi, mnyamata uja n'kuthawa.

Ndinayamba ndi kalindula. Poyamba ana amachita manyazi, anyamata khoma ili, atsikana khoma ilo, onse kumangoyang'ana pansi. Ndinatenga maikolofoni n'kunena kuti, "Ndamva kuti a Giredi 7 miyendo inauma ndi mayeso. A Giredi 6 akuti mungowapatsa bwaloli!" Amayo! Analumpha onse nthawi imodzi. Fumbi linakwera mpaka kumalata. Nditaika kwasakwasa, ngakhale aphunzitsi anayamba kugwedeza mapewa mobisa. Kaseti ina ikulira, ina ndikuibweza ndi bolopeni kuti batire lisathe msanga. Nyimbo isamaleke, chifukwa pakakhala zii mpamene ana amayamba kuganiza zopusa.

Amayi Magret anaima pawindo manja atapinda, milomo itauma gwaa. Anali pa kusala kudya kuyambira m'mawa. Analumbira kuti salawa kanthu, ngakhale madzi, mpaka disiko ithe bwino Satana asanalowepo.

Patapita nthawi ana anatopa ndi ludzu. Ndinkaona makapu akutuluka m'matumba. Inenso kukhosi kunali kutauma, ndiye ndinauza Luciano kuti anditungireko kapu imodzi ndisanalengeze zopuma. Anabwera nayo akumwetulira mwachilendo.

"A dije, lawani ichi. Amayi a pemphero aphika bwino, ndithu."

Ine ndi ludzu lija ndinagugudiza theka la kapu osaganiza. Linatsika lotsekemera, kenako linaluma, kenako ndinamva kutentha kukwera m'makutu. Kukoma kumeneko ndinkakudziwa kuchokera kumabala.

"Luciano, uwu ndi mowa!"

"Ine ndangonunkhiza. Koma mphuno yanga yasangalala kwambiri."

Ndinaika kaseti ya rumba yaitali, ija nyimbo imodzi imatenga mbali yonse, n'kuthamangira panja. Diramu linali pansi pa mtengo wa mango. Pambali pake panali Zelesi, mwana wa amayi Magret wa Giredi 7, akutsuka chikho chotungira. Nditavundukula, thobwa lija linali likuwira lokha popanda moto, thovu likuti phwiphwiphwi.

"Zelesi, thobwali linaphikidwa liti?"

"Tisanamve za maliro. Amama popita kukagona kumaliro anandiuza kuti ndizithiramo shuga tsiku lililonse kuti lisasase. Ndiye ndimathira, n'kuvundikira ndi thumba."

Ndinagwira kumutu. Chimera, shuga, ndi kutentha kwa Novembala, masiku onsewo! Ndinakatenga amayi Magret pawindo n'kuwakokera pambali kuti ana asamve.

"Amayi, pepani. Thobwa ili lasanduka mowa."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Mukuti chiyani? Ine? M'nyumba ya bambo anga simunalowepo ngakhale chipanda cha mowa. Ine kuphika mowa sindikudziwa n'komwe."

"N'chifukwa chake, amayi. Shuga uja ndiye waupatsa mphamvu. Talawani pang'ono."

"Ndili pa kusala! Mukufuna ndiswe pemphero langa chifukwa cha bodza lanu? Mwabisa kachasu wanu penapake, ndiye mukufuna kunamizira thobwa langa."

Ndinacheukira kukalasi. Rumba ija inali ikupita kumapeto, ndipo ana ena anali atayamba kusuzumira pakhomo ndi makapu awo. Pomwepo tinamva nthungululu kuchokera pawindo lina. Anali amayi Selina, mnzawo wa mumpingo amene anabwera kudzathandiza kugawa thobwa. Munthu wofatsa, wosayang'ana mwamuna kumaso. Koma apa duku linali litagwa, chitenje atamanga m'chiuno, akutyoka mpaka pansi.

"Bwezani imeneyo, a dije! Bwezani, mwana wa eni!"

"Selina!" anakuwa amayi Magret. "Chakulowa n'chiyani?"

"Palibe, mayi apampando. Ndimangolawa shuga ngati wakwana. Ndalawa, ndalawanso, ndalawanso. Wakwana!"

Amayi Magret anagwira pakamwa. Anapita pa diramu, anawerama, ananunkhiza, n'kubwerera m'mbuyo ngati aona mamba. "Yesu wanga. Ndikanamwetsa ana a eni." Anandigwira mkono. "A Yoweli, titani? Ana akubwera!"

Kuwauza ana ambirimbiri a ludzu kuti thobwa kulibe, diramu akuliona ndi maso, sizikanatheka. Akanalitsegula okha. Ndinayang'ana ngolo, ndinayang'ana njira yotsikira ku mjigo kuseri kwa bwalo la mpira.

"Luciano, manga ng'ombe! Amayi, khalani pa diramupo, musasunthe."

Ndinalowa m'kalasi nyimbo ikutha kumene, n'kulanda maikolofoni. "Ana inu! Munaonapo disiko yoyenda? Lero muiona! Anyamata amphamvu, nyamulani masipika! Wotsala ndi nkhalamba!"

Kunali chiphokoso. Kuti pasakhale zii pomasula mawaya, ndinawauza kuti aimbe nyimbo yawo ya kumpira akuwomba m'manja. Masipika anakwera pa ngolo, mabatire anakwera, ine ndinakhala pakati wailesi nditaifukata pamiyendo ngati khanda kuti kaseti isamadumphe m'mabampu. Nditangokhudza waya womaliza, kalindula anaphulika. Angoniya anadzidzimuka n'kulumpha, ngolo inapendama, ine ndinatsala pang'ono kugwa.

"Angoniya, ulemu!" anakuwa Luciano. "Unapulumuka mabomba, ukuopa gitala?"

Tinanyamuka. Ana onse pambuyo pa ngolo, kuvina akuyenda, makapu m'mwamba, fumbi kobo! Palibe ndi mmodzi yemwe amene anacheukira diramu. Azimayi amene ankasenda mtedza pamakonde anaimirira kuliza nthungululu. Wanjinga wina anatsika, anaigoneka pansi, n'kulowa nawo m'gule. Ine ndikungokuwa pa maikolofoni, "Kumanja! Kumanzere! Tsika nayo!" Sindinaonepo ana akusangalala chotero, ndipo mpaka lero ndikakumbukira tsitsi limandiimirira.

Pa mjigo ndinapanga mpikisano wopopa motsatira ng'oma ya nyimbo, atsikana kulimbana ndi anyamata. Madzi anatuluka ozizira, ana anamwa, anathirana, tsitsi lowongola lija linabwerera mwakale, koma panalibe wodandaula. Zelesi anabweretsa lichero la zitumbuwa ndi shuga amene anatsala, ndiye aliyense ankathira pang'ono m'kapu n'kutakasa ndi kamtengo.

Ndili mkati mosintha kaseti, ndinaona ahedi akubwera ndi abambo awiri a komiti. Nkhope zinali zosasangalala. Amayi Magret ankabwera pambuyo pawo.

"A Yoweli, wakulolani ndani kutulutsa ana pa sukulu? Nanga thobwa lija simukugawa bwanji?" Anayandikira ngolo kuti ndiwamve bwino, kenako anaima n'kukweza mphuno. "Dikirani. Inu mwamwa."

"Ndangolawa thobwa, ahedi."

"Thobwa silinunkha chonchi. Abambo, tabwerani mumve. Tinapangana chiyani ndi munthu ameneyu?"

Abambo aja ananunkhiza n'kupukusa mitu. Mmodzi anati, "Tinanena ife. Wa kumabala ndi wa kumabala basi. Zimitsani, longedzani."

Maikolofoni inali m'manja mwanga. Ndikanatha kunena zonse, koma ana onse akanamva, ndipo Zelesi anali pomwepo ndi lichero lake. Mwanayo akanamutcha wophika mowa mpaka kukalamba. Ndinaika maikolofoni pansi n'kuyang'ana amayi Magret. Iwo anayang'ana pansi. Mumtima ndinati basi, ntchito yanga yathera pano, masipika ndikasandutsa zikwere za nkhuku.

Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse.

"Musazimitse." Anali amayi Magret. Anadutsa pakati pa abambo aja n'kuima pafupi ndi gudumu la ngolo. "Ahedi, mowa umene mukuumvawo ndi wanga. Thobwa langa linagonera chifukwa cha maliro, ndipo ndine ndinalamula kuti azithiramo shuga. Lasanduka mowa. Munthuyu analawa, anandiuza, ine ndinamunena kuti ndi wabodza. Akanapanda kuthawitsa anawa, bwenzi pano tikuwanyamula pa ngolo yomweyi kupita nawo kwa makolo awo."

"Inu, mayi apampando?"

"Ine ndemwe. Ngati simukukhulupirira, kaoneni Selina. Wagona pansi pa mango, akuimba."

Ahedi anayesa kuumitsa nkhope, koma zinakanika. Anatembenuka n'kuyamba kutsokomola, mapewa akugwedezeka. Bambo uja amene anati ndilongedze anakanda m'mutu n'kunena kuti, "Nanga diramulo mulitani? Adzukulu amene anakumba manda aja akhoza kuthandiza."

"Ndasiya nditalitaya m'dzenje la zinyalala, lonse."

"Lonse?" anatero Luciano, chikwapu chikugwa m'manja. "Amayi, anthu amaphika zaka ndi zaka osafika pamenepo. Inu kamodzi kokha, n'kutaya?"

"Iwe Luciano, ndidzakupempherera Lamulungu. Tayang'anira ng'ombe zako."

Tinaimba mpaka dzuwa litapendeka. Nyimbo yomaliza ndinailengeza isanayambe, chifukwa ana ukawadzidzimutsa amakwiya. Itatha ndinawauza kuti a mudzi umodzi ayendere limodzi, ndipo aphunzitsi anaima panjira kuwaona akupita kukadali kowala. Mwana womaliza atakhota, amayi Magret anapopa mjigo okha, anapemphera, n'kumwa madzi ndi manja.

Sabata yotsatira anayendadi sukulu ndi sukulu, monga analonjezera, atakwera njinga ya amuna awo. Koma uthenga unali wina. Masukulu asanatseke ndinaitanidwa ku Zingalume, kenako ku Pembamoyo. Kumeneko ndinapeza amayi Magret atafika kale, diramu lili pamthunzi, thobwa lophikidwa dzulo lake. Ana anali atandanda pamzere, koma iwo anatunga chikho choyamba n'kuwadutsa onse mpaka pa ngolo.

"Lawani, a dije."

Ndinamwa, ndinadikira pang'ono kuti ndimve ngati m'makutu mutenthe. Luciano ankandiyang'ana ndi chiyembekezo.

"Ndi thobwa, amayi."

"Epa, tsoka," anatero Luciano, n'kupita kukamasula ng'ombe.